Kongoletsani nyumba ndi maluwa nyengo yozizira, koma osaika ana pachiswe

Mwezi wa Juni ukafika, dziko limasintha nkhope. Udzu umauma, m'minda mumatsala mapesi okhaokha, mwera umawomba ndi fumbi, ndipo ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre chiperoni chimatha kubisa dzuwa kwa masiku angapo. Mabanja amatseka mazenera kukadali kowala, ana amaswera m'nyumba, ndipo pabalaza pamakhala kamdima ngakhale masana.

Nyengo yomweyi ndi imene zomera zina zimatchena kuposa nthawi ina iliyonse. M'mipanda ya masukulu ndi matchalitchi poinsettia amafiira kuti psuu. Pamakonde, kalanchoe wa m'zitini amadzaza ndi timaluwa tofiira, tachikasu ndi tapinki. Banja lililonse lingathe kukhala ndi maluwa otere popanda kuboola m'thumba. Kanthambi kopempha kwa aneba, chitini chakale ndi dothi lakudimba n'zokwanira.

Komatu duwa likalowa m'nyumba limakakhala limodzi ndi mwana wokwawa, amene chilichonse chowala amathamangira nacho kukamwa. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukongola kwa duwa sikunena kanthu za zimene zili m'masamba ndi mu utomoni wake. Alipo maluwa oti mwana atatafuna sangamve kanthu, ena amawotcha m'kamwa ndi m'maso, ndipo ena ochepa amasokoneza mtima. Kholo ndi volontiya wa zaumoyo ayenera kuwasiyanitsa asanawapatse malo m'nyumba.

Zomera zimawerenga kutalika kwa usiku

Ambiri amaganiza kuti kuzizira ndiko kumachititsa zomerazi kumasula maluwa. Yankho lenileni linapezeka m'munda wa fodya. M'chaka cha 1920, akatswiri awiri a ku unduna wa zaulimi ku America, Wightman Garner ndi Harry Allard, anafotokoza za fodya wa mtundu wa Maryland Mammoth, amene ankangotalika nyengo yonse yotentha osachita maluwa. Atayamba kumulowetsa m'chipinda chamdima dzuwa lisanalowe, kuti kwa iye masana afupike, fodyayo anachita maluwa. Soya nayenso anachita chimodzimodzi.

Mu 1938, Karl Hamner ndi James Bonner anaonetsa kuti chimene chomera chimawerenga kwenikweni ndi mdima. Iwo ankayatsa nyali kwa kanthawi kochepa pakati pa usiku, ndipo zomera zimene zinayenera kuchita maluwa sizinachite. M'masamba muli kanthu kotchedwa phytochrome kamene kamazindikira kuwala. Usiku ukatalika mokwanira popanda chousokoneza, tsamba limatumiza uthenga kunsonga kuti ileke kutulutsa masamba, iyambe maluwa.

Ku Lilongwe, mwezi wa Disembala masana amatenga pafupifupi maola 13 ndipo usiku maola 11. Pofika pa 21 Juni zimatembenuka: masana amangopitirira pang'ono maola 11, usiku n'kuyandikira maola 13. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma kwa poinsettia, amene amafuna mdima wa maola pafupifupi 12 usiku uliwonse kwa masabata angapo, n'kokwanira. N'chifukwa chake kuno amafiira pakati pa chaka, pamene abale athu a ku Britain amamugula pa Khirisimasi. Kumeneko nyengo yozizira imagwa mu Disembala, ndipo masana a ku London sakwana n'komwe maola 8.

Izi zikufotokoza dandaulo la anthu ambiri a m'tauni, loti duwa likukula bwino koma silikumasula. Kawirikawiri vuto limakhala getsi. Poinsettia kapena kalanchoe amene ali pansi pa getsi la panja loyaka usiku wonse, kapena pabalaza pamene anthu amaonera kanema mpaka usiku, sadziwa kuti usiku watalika. Musamutsireni kuchipinda chimene simuyatsako nyali, kapena muzimuvundikira ndi katoni kuyambira 5 koloko madzulo mpaka 7 koloko m'mawa. Kalanchoe amafuna masabata pafupifupi 6, poinsettia 8 mpaka 10.

Maluwa oyenera nyumba ya ana

Loyamba ndi African violet, kaduwa ka masamba aubweya ndi maluwa apepo, apinki kapena oyera. Kwawo ndi ku Tanzania. Mu 1892, mkulu wina wa boma la atsamunda a ku Germany, Walter von Saint Paul-Illaire, anakapeza m'mapiri a Usambara n'kutumiza mbewu zake kwawo, ndipo lero kali m'mazenera a m'mayiko ambiri. Kaduwaka sikayang'ana kutalika kwa usiku. Kakapeza kuwala kokwanira, kopanda dzuwa loswa mtengo, kamamasula mwezi uliwonse. Chimene sikagwirizana nacho ndi chisanu. Kukazizira kutsika madigiri 15 kamafooka, choncho a ku Dedza, Ntcheu ndi Mzimba azikachotsa pazenera usiku. Madzi ozizira akagwera pamasamba amasiya mawanga, ndiye thirirani dothi lokha ndi madzi ofunda pang'ono. Tsamba limodzi lokhala ndi phesi lake, mukalizika m'dothi lonyowa, limabereka chomera china.

Lachiwiri ndi Christmas cactus. Ngakhale lili m'gulu la zomera zaminga, ili lilibe minga yobaya. Limachokera m'nkhalango za m'mapiri a kum'mwera chakum'mawa kwa Brazil, kumene limamera pamitengo ndi pamiyala. Anthu a kumeneko amalitcha duwa la Meyi, ndipo kunonso ndi miyezi yozizira imene limamasula maluwa apinki kapena ofiira kunsonga za nthambi zake zaphanthiphanthi. Pofuna kuchulukitsa, thyolani kanthambi ka mfundo ziwiri kapena zitatu, kasiyeni pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri kuti pabala paume, kenako kadzaleni m'dothi la mchenga. Likayamba kutulutsa timphukira ta maluwa musalisunthesunthe, chifukwa timayoyoka.

Lachitatu ndi lathu lomwe. Impatiens walleriana, amene ku Britain amamutcha busy Lizzie, amamera yekha m'malo achinyontho ndi amthunzi kuyambira ku Kenya ndi Tanzania mpaka kuno ndi ku Mozambique. Dzina lake limakumbutsa Horace Waller, mmodzi mwa amishoni a UMCA amene anafika ku Magomero mu 1861. Maluwa ake ndi ofiira, apinki, aolenji kapena oyera, ndipo kanthambi kake kamatulutsa mizu m'kapu ya madzi pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Amafuna dothi losauma komanso malo obisika ku mphepo yozizira.

Maluwa atatuwa alibe poizoni. Izi sizikutanthauza kuti ndi ndiwo. Mwana akadya masamba ambiri angathe kudandaula m'mimba, ndipo khanda lingatsamwe ndi tsamba kapena kamwala ka mumphika.

Maluwa ofunika kuika patali

Poinsettia kwawo ndi ku Mexico, ndipo dzinali linachokera kwa Joel Poinsett, kazembe woyamba wa America m'dzikolo m'zaka za m'ma 1820. Zofiira zija ndi masamba. Maluwa ake enieni ndi timibulu tachikasu tapakati. Kwa zaka zambiri mbiri inawanda yoti duwali limapha ana, koma kafukufuku amene anatsogolera Edward Krenzelok, wofalitsidwa mu 1996, anaunika nkhani 22,793 za anthu amene anadya kapena kukhudza poinsettia ku America. Palibe anamwalira, ndipo anthu 92 mwa 100 alionse sanamve vuto lililonse.

Chofunika kusamala ndi utomoni wake woyera ngati mkaka. Poinsettia ndi m'bale wake wa nkhadze, ndipo aliyense wokulira kumudzi amadziwa zimene utomoni wa nkhadze umachita ukalowa m'diso. Wa poinsettia ndi wofatsirapo, komabe umayabwa pakhungu, umafiiritsa maso, ndipo mwana akaumeza angathe kusanza. M'bale wina ndi Euphorbia milii, kachitsamba ka minga yambiri ndi timaluwa tofiira, kochokera ku Madagascar. Utomoni wake ndi waukali kuposa wa poinsettia. Bala la minga likadetsedwa ndi dothi kapena manyowa lingathe kulowetsa kafumbata, choncho litsukeni ndi sopo ndipo onani m'buku la kuchipatala ngati mwanayo analandira katemera wake yense.

Kalanchoe blossfeldiana nayenso ndi wa ku Madagascar. Ndi wopirira, safuna madzi ambiri, ndipo maluwa ake amakhala masabata ambiri osafota. M'masamba ndi m'maluwa ake muli mankhwala ogwira mtima. Ku South Africa, zomera za m'banja lake zimapha nkhosa ndi mbuzi. Mwana amene watafuna katsamba kamodzi nthawi zambiri amangomva m'mimba, koma amphaka, agalu ndi akalulu ali pachiopsezo chachikulu. Mukatengulira, musataye nthambi zake pamene mbuzi zimadya, ndipo musamwetse mwana madzi a masamba ake ngati mankhwala.

Peace lily wa maluwa oyera ndi anthurium wa maluwa ofiira onyezimira ali m'banja limodzi ndi koko. Amene analawapo koko wosapsa amadziwa kuyabwa kwake pakhosi. Chimayambitsa ndi tisingano tosaoneka ndi maso ta calcium oxalate, timene timabaya lilime ndi milomo. Mwana amalira nthawi yomweyo, amatuluka dovu ndipo milomo imatupa. Ululuwo ndi umene umamuletsa kudya zambiri, koma lilime kapena pakhosi pakatupa mpaka kupuma movutikira, imeneyo ndi ngozi yothamangira nayo kuchipatala.

Chakumapeto kwa nyengo yozizira kumabwera clivia wa maluwa aolenji, wochokera ku South Africa, kenako amaryllis wa maluwa aakulu onga lipenga. Onsewa ali ndi lycorine, amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Clivia amabereka tizipatso tofiira tokopa ana, pamene amaryllis ali ndi tsinde lofanana kwambiri ndi anyezi. Musasunge tsinde limeneli kukhitchini, chifukwa mwana wotumidwa kukazinga ndiwo sangasiyanitse.

Maluwa a m'gulu lino mungathe kukhala nawo, bola akhale pashelefu yaitali kapena opachika, pamene dzanja la mwana silingafike ngakhale atakwera pampando. Masamba ndi maluwa ogwa muzitola tsiku lomwelo.

Awa asalowe m'nyumba

Pali duwa limene nyengo ino limakopa aliyense: tsinde lonenepa ngati kamlambe, nthambi zopanda masamba, kunsonga kuli maluwa oyera a m'mphepete mofiira. Ndi impala lily, amene amamera yekha m'madera otsika ndi otentha a Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa. M'bale wake, desert rose, amagulitsidwa m'miphika. Onse awiri ndi a mtundu wa Adenium, ndipo utomoni wawo alenje akale ankapaka kumivi ndi kuphera nsomba.

Adenium ali m'banja limodzi ndi kombe, chomera chimene makolo athu a m'chigwa cha Shire ankapangira ulembe wa mivi. John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone, anaona mtima wake ukugunda pang'onopang'ono atatsuka mano ndi mswachi umene unakhudzana ndi kombe m'thumba mwake. Kuchokera pamenepo akatswiri anapanga mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Nkhaniyi ikuonetsa mphamvu ya zomera za m'banjali: mulingo wochepa kwambiri umafika pamtima.

M'banja lomweli muli oleander, chitsamba cha masamba aatali ndi maluwa apinki kapena oyera, komanso yellow oleander wa maluwa achikasu onga belu, amene anthu amadzala ngati mpanda. Chilichonse pa zomerazi ndi poizoni: masamba, maluwa, utomoni, makamaka njere za wachikasuyo, zimene ana amakonda kuseweretsa. Nthambi zake musasonkhere moto, musatsukire mano, ndipo musabayire nyama kapena chimanga chowotcha.

Choopsa china n'chakuti zizindikiro zimatha kuchedwa. Mwana angaoneke bwinobwino kwa maola angapo, kenako n'kuyamba kusanza, chizungulire, kufooka, ndipo mtima n'kumagunda pang'onopang'ono kapena modumphadumpha. Ngati mukukayikira kuti mwana watafuna chimodzi mwa zomerazi, musadikire zizindikiro. Nyamukani nthawi yomweyo.

Mwana akadya duwa

Chotsani zotsala m'kamwa ndi chala choyera, pukutani m'kamwamo ndi kansalu konyowa, ndipo ngati ndi wamkulu woti angathe kulavula, achukuche ndi madzi. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, mupatseni madzi pang'ono. Kwa amene watafuna peace lily kapena anthurium, chakumwa chozizira chimachepetsa kuwotcha.

Musamusanzitse. Kumupisa chala kukhosi, kumumwetsa madzi amchere, mafuta ophikira kapena mazira aawisi kumawonjezera ngozi. Masanzi angathe kulowa m'mapapo, ndipo mchere wambiri pawokha ungaphe mwana. Mkaka nawonso suchotsa poizoni m'thupi, choncho musataye nthawi kuufunafuna.

Utomoni ukalowa m'diso, mugonekeni mwana chammbali, diso lovulala likhale pansi, n'kumathira madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20. Asatikite. Musadonthezere mkaka wa m'mawere, shuga kapena madzi a zitsamba. Diso likapitiriza kupweteka, kufiira kapena kuona mwachimbuuzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Pakhungu, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri.

Popita kuchipatala tengani kanthambi ka chomeracho m'pepala la pulasitiki, kapena chijambuleni pafoni, ndipo kumbukirani nthawi imene mwana anadya komanso kuchuluka kwake. Dokotala amathandiza msanga akadziwa chimene akulimbana nacho. Thamangani ngati mwana akupuma movutikira, lilime latupa, akusanza mosalekeza, akugona mosadzutsika, akukomoka, kapena ngati chomeracho simukuchidziwa dzina.

Madzi a pansi pa mphika

Kambale kamene timaika pansi pa mphika wa maluwa kuti madzi asadetse simenti kamasanduka chiswero cha udzudzu. Umene umakonda malo otere ndi Aedes aegypti, wakuda wa mizere yoyera m'miyendo, woluma masana, umene umafalitsa dengue, chikungunya, Zika ndi yellow fever. Umaikira mazira m'mbali mwa chiwiya, pamwamba pang'ono pa madzi, ndipo mazirawo amatha miyezi ali ouma osafa. Akanyowa amaswa, ndipo kukamatentha pamangopita masiku 7 mpaka 10 kuti udzudzu uuluke. Kuzizira kumangochedwetsa, sikuletsa.

N'chifukwa chake kukhuthula madzi kokha sikukwanira. Kamodzi pa sabata kwechani kambaleko ndi chinkhupule ndi sopo kuti mazira achoke, kapena kadzazeni ndi mchenga kuti madzi asaonekere. Madzi a m'botolo la maluwa odula ndi a m'kapu yomeretsera mizu muzisintha pakapita masiku awiri kapena atatu.

Udzudzu wofalitsa malungo kuno umaswana makamaka m'zithaphwi, m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje, choncho kusamala miphika sikulowa m'malo mwa neti. Komabe akatswiri ali tcheru ndi mtundu wina wa udzudzu wa malungo, Anopheles stephensi, wochokera ku Asia, umene umaswana m'matanki ndi m'ziwiya za m'tauni. Unapezeka ku Djibouti mu 2012, ku Ethiopia mu 2016 ndi ku Kenya mu 2022. Chizolowezi chosasiya madzi ali chikhalire n'chofunika kuchiyamba lero.

Kuthirira mopitiriza muyeso kuli ndi vuto linanso. Nyengo yozizira dothi limachedwa kuuma, mizu imawola ndipo pamwamba pamachita chuku. M'nyumba yotseka mazenera, chuku chimadzutsa mphumu ndi chimfine kwa ana ena. Pisani chala m'dothi: ngati mkati muli monyowa, dikirani. M'chipinda chogona mwana wa mphumu, kapena munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika kwambiri, monga amene akulandira mankhwala a khansa, musaikemo miphika ya dothi.

Nsabwe za zomera zikagwira duwa, litulutseni panja, lipukuteni kapena kuliwaza ndi madzi a sopo pang'ono. Mankhwala a thonje, a fodya kapena a m'dimba asapoperedwe m'nyumba, ndipo asasungidwe m'botolo la zakumwa. Nthawi zambiri mankhwalawa ndi oopsa kwa mwana kuposa duwa limene akutetezalo.

Maluwa sachotsa utsi wa mbaula

Pa intaneti pali nkhani zambiri zoti zomera za m'nyumba zimatsuka mpweya. Gwero lake ndi kafukufuku wa bungwe la NASA wa mu 1989, amene anatsogolera Bill Wolverton. Iwo anaika zomera m'mabokosi otseka kotheratu n'kuona kuti mankhwala ena a mumpweya, monga benzene ndi formaldehyde, akuchepa. Koma nyumba si bokosi lotseka. Mu 2019, Bryan Cummings ndi Michael Waring a ku Drexel University ku Philadelphia anaunikanso zofufuza za zaka zambiri ndipo anapeza kuti pangafunike zomera 10 mpaka 1,000 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi kuti zifanane ndi mpweya umene umalowa ndi kutuluka wokha m'nyumba. M'chipinda cha mamita 3 ndi 4, ndiye kuti miphika yosachepera 120. Kutsegula zenera kumagwira ntchito imeneyi mwaulere.

Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa mdani wamkulu wa nyengo ino ndi mbaula. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umakakamira m'magazi n'kulanda malo a okosijeni. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo amene ali mtulo sadzukanso. Makala ofiira opanda utsi amautulutsabe. Palibe duwa limene lingauyamwe mwamsanga moti n'kupulumutsa munthu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2020 mpweya woipa wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni, ndipo oposa 237,000 anali ana osakwana zaka zisanu.

Wothani moto pamalo opita mphepo, ndipo mbaula itulutsidwe panja anthu asanagone. Ngati anthu angapo m'nyumba imodzi adzuka mutu ukuwawa nthawi imodzi, tsegulani zitseko, tulutsani aliyense ndipo pitani kuchipatala.

Ena amaopa zosiyana ndi izi, kuti maluwa amalanda anthu mpweya usiku. N'zoona kuti zomera zimapuma, koma okosijeni amene miphika ingapo imagwiritsa ntchito ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa munthu mmodzi wogona m'chipindamo. Zimachitika kuti banja latulutsa duwa poopa kubanika, mbaula n'kuisiya m'kati.

Nanga phindu lake n'chiyani?

Phindu lilipo, ndipo ndi la mumtima. Mu 1984, Roger Ulrich anafalitsa zimene anapeza m'mafayilo a odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni yochotsa ndulu pachipatala china ku Pennsylvania. Amene zenera lawo linkayang'ana mitengo anatuluka msanga ndi pafupifupi tsiku limodzi, ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa poyerekeza ndi amene ankayang'ana khoma la njerwa. Odwalawo anali ochepa, ndiponso ankaona mitengo, osati miphika ya maluwa, koma kafukufukuyu anatsegula maso a omanga zipatala kuti zimene wodwala amaona zili ndi gawo pa kuchira kwake.

Pakhomo, duwa limapatsa gogo amene sathanso kupita kumunda chinthu choti azisamalira, ndipo mwana wasukulu amaphunzira sayansi ndi maso ake poona mizu ikutuluka m'kapu. Komabe duwa si mankhwala a matenda a nkhawa. Munthu amene wakhala wokhumudwa kwa masabata awiri kapena kuposa, osagona, osadya, osafuna kucheza ndi anzake, monga zimachitikira amayi ena akangobereka, akufunika kuonana ndi achipatala.

Poyendera makomo

Kwa mavolontiya ndi alangizi a zaumoyo, nkhani ya maluwa singatenge mphindi zisanu pa ulendo woyendera khomo. Pamene mukufunsa za neti, chimbudzi ndi katemera, ponyaninso maso pakhonde ndi pazenera. Funsani mayi kapena bambo ngati akudziwa dzina la duwa lililonse. Amene ali ndi foni angajambule n'kufunsa kwa alangizi a zaulimi kapena kwa ogulitsa maluwa odziwa ntchito yawo. Dzina likadziwika, lilembedwe pachitini, kuti tsiku la ngozi aliyense wopezeka pakhomo adzathe kuuza dokotala.

Gwadani pansi muone chipinda monga mmene mwana wokwawa amachionera. Chimene inu mwagwira mutagwada, iyenso achigwira. Tukulani mphika muone ngati pansi pali madzi. Funsani kumene mbaula imagona usiku. Thyolani katsamba ka chomera chosadziwika: chikatuluka utomoni woyera, sambani m'manja ndipo langizani kuti chikwezedwe pamwamba kapena chituluke panja. Dziwani kuti kusatuluka utomoni woyera sikutsimikiza kuti chomera n'chabwino, chifukwa kalanchoe, clivia ndi peace lily alibe utomoni wotere.

Musalamule anthu kuzula maluwa awo onse, chifukwa malangizo otere amangomvedwa inu mukadali pakhomo. Auzeni oyenera kutsika pansi, oyenera kukwera pamwamba ndi oyenera kutuluka. Ana osakwana zaka zitatu sasunga malamulo, choncho chitetezo chawo ndi mtunda umene uli pakati pa iwo ndi chomeracho. Okulirapo aphunzitseni lamulo limodzi losavuta: tsamba, duwa kapena njere imene sunapatsidwe ndi wamkulu, usaike m'kamwa.

Banja limene likufuna kuyamba chaka chino liyambe ndi African violet, Christmas cactus kapena impatiens. Boolani chitini kunsi, sakanizani dothi lakudimba ndi mchenga ndi manyowa owolerana bwino, ikani pazenera loyang'ana kum'mawa, ndipo thirirani m'mawa pokhapokha dothi likayamba kuuma. Mukamaliza, inu ndi ana sambani m'manja ndi sopo. Poinsettia muzimuonera kumpanda, ndipo desert rose adikire kaye mpaka mzime wa pakhomopo atayamba sukulu.